Kalasi yanga ya kafukufuku semesita ino: mmene tayendera mpaka tsiku la mapulezenteshoni

Sabata 1 ndi 2

Ndayamba kulemba izi kuti ndizikumbukira zimene zikuchitika mu kalasi yanga ya kafukufuku, komanso anzanga amene mumaphunzitsa kosi ngati yomweyi mwina mutolapo kena kake olo mundiuze pamene ndikuphonya. Ophunzira ndili nawo 31, ambiri ndi a konkuno ku Chigwa cha Shire, ena a ku Ngabu, ena Nchalo, ena Bangula, ndiye pali angapo a ku East Bank, tsidya la kummawa kwa mtsinje wa Shire, amene mvula ikakula kubwera kwawo kumadalira bwato. Kumapeto kwa semesita gulu lililonse liyenera kuimirira kutsogolo nkufotokoza zimene lapeza kwa mphindi 10, ndipo malikisi ambiri ali pamenepo.

Tsiku loyamba ndinawauza kuti aliyense alembe pa kapepala funso limodzi lomwe akufuna kufufuza. Zimene zinabwera ndi izi: kusintha kwa nyengo m'Malawi, umphawi, mavuto a achinyamata. Ndinawafunsa kuti chabwino, ndiye mukafunsa ndani, mukamupeza kuti, ndipo ya transipoti muitenga kuti? Kalasi yonse zii. Ndiye masabata awiri onsewa tathera pa kuchepetsa funso basi, mpaka likhale ndi anthu ake, malo ake ndi nthawi yake. Tatuluka ndi magulu 6. La mbuzi likufuna kudziwa mmene mtengo wa mbuzi umakambidwira pa msika wa Ngabu pakati pa mwini wake ndi ogula opita nazo ku Blantyre. La kabaza likuona anyamata a njinga pa Nchalo. Lina thonje, lina mijigo yotulutsa madzi amchere, lina atsikana amene sukulu yawo inasanduka kampu nthawi ya madzi osefukira, ndipo lomaliza, lomwe ndikulitcha la madimba, likufunsa chifukwa chimene anthu osamutsidwira kumtunda amabwereranso kumunsi kufupi ndi mtsinje.

Pa pepala la gulu la madimbali mnyamata wina analemba kale yankho asanafunse munthu ndi mmodzi yemwe: "chifukwa ndi amakani." Pepalalo sindinalikonze, ndalisunga mu fayilo.

Sabata 3 ndi 4

Kuwerenga zimene ena analemba kale. Apa ndiye pavuta chifukwa mabuku a kafukufuku mu laibulale yathu ndi ochepa, ambiri akuwerengera pa foni ndipo bandulo ikatha basi kuwerenganso kwatha. Tagwirizana kuti amene wapeza ripoti labwino adawunilode kamodzi nkuponya pa gulu lathu la WhatsApp.

Lamulo lomwe ndaika ndi limodzi: nambala iliyonse ili ndi mwini wake ndi chaka chake. Wina anabwera ndi chiwerengero cha anthu a ku Nsanje chomwe anachiona pa Facebook, nditamufunsa kuti anawerenga anthuwo ndani sanayankhe. Tinatsegula limodzi ripoti la kalembera wa 2018 la National Statistical Office ku Zomba, momwe Chikwawa ili ndi anthu 564,684 ndipo Nsanje 299,168, ndinawaonetsa mmene ungalembere kuti owerenga adziwe komwe wazitenga, komanso kuti usaiwale kunena kuti ndi za 2018 chifukwa anthu abadwa ambiri chichokereni nthawi imeneyo. Za kukopera ndime yonse pa intaneti nkuiika ngati yako tinakambirananso, atatu anachita zimenezi mu asainimenti yoyamba ndipo zimaoneka msanga, Chingerezi chimangosintha mwadzidzidzi pakati pa tsamba. Ndinawabwezera kuti atseke foni, andiuze pakamwa zimene ndimeyo ikunena, kenako alembe zimene anenazo.

China chomwe chathandiza kwambiri: tinalemba pa bolodi zaka za madzi. Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi pa Kapichira mpaka magetsi anavuta dziko lonse, kenako Freddy mu Malichi 2023. Ophunzira anga zonsezi anaziona ndi maso, ena anagona m'makalasi ndi m'matchalitchi, koma nawonso amazisokoneza. Ndinawauza kuti ngati inu mukusokoneza, agogo amene mukawafunse akangoti "madzi aja" mudziwa bwanji kuti akunena ati? Muyenera kukafunsa bwinobwino, mwana uyu anali atabadwa? munali mutakolola? kuti mupeze chaka chenicheni.

Sabata 5 ndi 6

Masabata awa ndi amene ndimawakonda pa kosi yonseyi, kupanga mafunso. Onse analemba mu Chingerezi poti ripoti lidzakhala la Chingerezi, ndiye ndinati tiyeni tiwatembenuze mu chiyankhulo chomwe mukafunsire, ena Chimang'anja, ambiri a ku Nsanje Chisena. Apa mpamene zinaonekera kuti mafunso ambiri analibe mutu.

Mwachitsanzo funso la chiwerengero cha anthu pakhomo. Ukangoti "banja lanu lili ndi anthu angati" bambo wa mitala akuwerengera nyumba zonse ziwiri, wina akuwerengeranso mwana amene ali ku Joni zaka zisanu, wina akusiya mdzukulu amene akumulera. Tinakangana pafupifupi ola lathunthu mpaka tinagwirizana zofunsa za anthu amene amadya kuchokera mu mphika umodzi ndipo amagona pakhomopo. Funso la ndalama nalonso, "mumapeza zingati pa mwezi", munthu wa ganyu kapena wa thonje amene amagwira ndalama kamodzi pachaka akuyankha chani? Gulu la kabaza linasintha nkukhala "dzulo munapeza zingati, ndipo dzulo linali tsiku labwino, lapakati kapena loipa." Ili ndi funso lomwe munthu angaliyankhe osanama.

Mafunso ena anali okokera munthu ku yankho, monga "kodi simukuona kuti kukhala kumunsi nkoopsa?" Ndani angakane pamaso pa mwana wa ku koleji wanyamula fayilo? Tinawachotsa onse. Aja oti ndikuvomereza kwambiri, ndikuvomereza pang'ono, sindikuvomereza, nawonso titawayesa pakamwa amangomveka ngati mayeso, ndiye ndinawaphunzitsa njira ya miyala: umampatsa munthu timiyala 10 nkumuuza kuti agawe malinga ndi kukula kwa chinthu, mwachitsanzo chakudya cha pakhomo chaka chatha, chochuluka bwanji chinachokera kudimba, kumunda wa kumtunda, kogula, kapena kwa achibale. Munthu olo sanapite ku sukulu amagawa bwinobwino ndipo pogawapo amayamba kufotokoza yekha.

Tinachitanso zoti mmodzi atembenuze kupita mu Chisena, wina amene sanaone Chingerezi choyambacho abwezerenso mu Chingerezi, tione ngati tanthauzo lafika. Pali mtsikana wina wa kwa Tengani amene chiyambire semesita sanayankhulepo mu kalasi, amakhala kumbuyo pafupi ndi windo. Tsiku limeneli ndi iye amene anakweza dzanja nkunena kuti Madamu, mmene alembera apa ndi Chichewa chongosintha zinthu kukhala pinthu, agogo a kwathu sanena choncho. Anakonza mafunso asanu ndi limodzi motsatizana anzake akungolemba. Ali mu gulu la madimba.

Sabata 7

Kupempha chilolezo. Gulu lililonse linatenga kalata ya ku koleji nkuyamba kukaonekera kwa anyakwawa, ndipo komwe kunafunika kwa a gulupu. Ndinawaphunzitsa mawu oti azinena asanafunse funso loyamba: ndife ophunzira, dzina lanu sitilemba, mukhoza kukana kapena kusiyira panjira, ndipo palibe chithandizo chilichonse chomwe chibwere chifukwa cha mafunsowa. Mawu omalizawa ndinawabwereza katatu ndipo ena ankaona ngati ndikukokomeza.

Loweruka ndinapita nawo a gulu la madimba kukayesa mafunso. Titafika tinapeza anthu oposa makumi atatu atakhala kale pansi pa mtengo, amayi ena atamangirira ziphaso zaunzika pa nsonga ya chitenje, ena akuzitulutsa m'timapepala ta pulasitiki. Uthenga unali utayenda kuti kwabwera olemba maina. Ophunzira anga anayang'ana ine. Ine Chisena ndimamva koma poyankhula ndimapunthwa, ndiye ndinamukodola mtsikana wa kwa Tengani uja. Anagwada kaye kupereka ulemu kwa anyakwawa, kenako anaimirira nkufotokoza pang'onopang'ono kuti iwo ndi ana asukulu, alibe ufa, alibe malata, alibe mndandanda wopita kwina kulikonse. Anthu anang'ung'udza, oposa theka ananyamuka, bambo wina ananena mokweza kuti tawatayitsa nthawi yakudimba ndipo sanalakwitse. Zinandiwawa kuona anthu abweza ziphaso zawo m'chitenje chimanjamanja. Koma amene anatsala anatsala akudziwa chimene tabwerera, ndipo pobwerera pa njinga ndinawauza ophunzira kuti tikanangokhala chete aliyense akanatiuza kuti alibe kalikonse, mbuzi ziro, chimanga ziro, chifukwa ndi mmene munthu amayankhira akaganiza kuti akulembedwa.

Sabata 8 ndi 9

Kumudzi kwenikweni tsopano, ndipo kutentha kwafika poti pofika 10 koloko mpando wa njinga sukhalika. Vuto loyamba linali losankha anthu. Gulu la thonje linabwera ndi mapepala asanu ndi atatu oyamba, nditafunsa ndinapeza kuti atatu ndi amalume ndi azakhali a mmodzi wa iwo, ena onse anawapeza pa grosale. Tinakhala pansi nkukonza: kuyambira pa mjigo, kuyenda njira imodzi, kulowa nyumba yachisanu iliyonse, ukapeza palibe munthu ulembe nkudzabweranso. A madimba anazindikira okha kuti akapita mmawa akupeza okalamba ndi ana okhaokha chifukwa olimba onse ali kumunsi, ndiye anasintha nkumapita chakumadzulo kapena kuwatsatira kudimba konko.

Tsiku lina ndinawatsatira. Tinakhala pa chisakasa cha bambo wina wachikulire m'mphepete mwa dimba, mbatata mbali iyi, chimanga chobiriwira mbali iyo, pamene kumtunda komwe tinachokera kunali fumbi lokhalokha ndi mbuzi zikunyambita makoko a mitengo. Wofunsa anali mnyamata uja analemba kuti amakani. Anawerenga funso lake, munabwereranji kuno mutasamutsidwa? Bambo aja anamuyang'ana nkuti, mwana wanga, ndani wakuuza kuti ndinabwerera? Nyumba yanga ili kumtunda, ana akuphunzira kumtunda, mvula ikayamba tonse timagona kumtunda. Koma kumtundako ndidya chani? Anatola dothi m'manja nkulifinya, linagwirana, lakuda, lonyowa mwezi wa Okutobala. Anati madzi omwe amatithamangitsa aja ndi omwenso amasiya dothi ili. Atapatsidwa timiyala 10 anaika tambiri pa dimba osaganiza kawiri.

Mnyamata uja analemba mpaka pepala linadzaza nkutembenuza kuseri. Panjira anandifunsa kuti Madamu, ndiye kuti funso lathu ndi lolakwika, tiyambirenso? Ndinamuuza kuti ayi, mwapeza chinthu, ambiri amene mukuwafunsa akukhala malo awiri, lembani zimenezo ndipo mulembenso kuti poyamba mumaganiza zina. Madzulo ake ndinatulutsa kapepala kake ka sabata yoyamba kaja nkumupatsa. Anati akaika pa silaidi yoyamba.

Sabata 10

Kuwerengera mayankho. Malaputopu tili nawo anayi pa magulu 6, ndiye tinayamba ndi kuchonga pa pepala kenako nkumalowetsa mu Excel mosinthana. Nkhondo yaikulu inali ya maperesenti. Gulu la mbuzi linalemba kuti 60% ya ogula amachita zakuti, nditafunsa kuti ogula munafunsa angati anati asanu. Ndiye ndi anthu atatu. Ndawauza kuti anthu akachepa lembani 3 mwa 5, owerenga aone okha kukula kwake. Chinanso ndawapangitsa kugawa tsamba pawiri, mbali ina zimene anthu ananena kapena zimene tinaona, mbali ina zimene ife tikuganiza kuti zikutanthauza, chifukwa amakonda kuzisakaniza mu chiganizo chimodzi.

Pachitika chinthu chomwe chandisowetsa tulo. Mapepala khumi a gulu lina ndi olembedwa ndi bolopeni imodzi, mayankho ofanana mpaka mawu, mapepala oyera opanda ndi fumbi lomwe, pamene a anzawo ndi opindikapindika ndi thukuta. Ndinawaitana paokha osati pamaso pa kalasi. Anakhala chete nthawi yaitali kenako mmodzi anavomera kuti ndalama ya transipoti inawathera ndiye anakhala pansi pa mtengo nkudzaza okha. Ndinawauza kuti mapepala khumiwo tikuwachotsa, atsala ndi 12 enieni ndipo adzanena 12 pa pulezenteshoni, ndi chifukwa chake. Malikisi ena ataya, izo sindingabise. Koma nanenso ndaona kuti kuuza mwana amene akuvutika kupeza ya chakudya kuti abweretse mapepala 25 kuchokera kutali ndi kumuika pa mayesero. Chaka cha mawa malo ofufuzira azikhala oti angafikeko pa njinga kuchokera komwe amagona, ndipo ndizidzayang'ana mapepala sabata iliyonse osadikira kumapeto.

Sabata 11

Kuyeserera. Masilaidi oyamba anali ndime zathunthu zokopera mu ripoti, wofotokoza atatembenukira ku khoma nkumawerenga, ife tikuona msana. Ndadula: masilaidi asapitirire 6, funso lanu, munafunsa ndani ndipo munawasankha bwanji, zinthu zitatu zimene mwapeza, zimene simunathe kudziwa. Wina asunge nthawi ndi foni. Ndawauzanso kuti gulu lililonse lijambule zomwezo pa mapepala akuluakulu a flip chart chifukwa magetsi sitingawadalire.

Tinayesereranso kuyankha mafunso, ndipo chovuta kwambiri kuwaphunzitsa ndi kunena kuti "zimenezo sitinafufuze." Amaona ngati ndi kulephera ndiye amayamba kupeka pompo. Ndinawauza kuti yankho limenelo kwa ine lili ndi malikisi. Mtsikana wa kwa Tengani anabwera ku ofesi kudzapempha kuti iye asayankhule, azingosintha masilaidi, akuti Chingerezi chake anthu aseka. Ndinamukumbutsa za tsiku lija pansi pa mtengo pamaso pa anthu okwiya makumi atatu. Tagwirizana kuti atenga gawo lofotokoza mmene anapemphera chilolezo, mphindi ziwiri, ndipo tayeserera kanayi awiriwiri chitseko chotseka.

Sabata 12, tsiku la mapulezenteshoni

Tinayamba 8 koloko kuthawa dzuwa. Aphunzitsi anzanga awiri anabwera kudzathandiza kupereka malikisi. A mbuzi anayamba, anathamanga kwambiri nkumaliza mu mphindi 6 koma 3 mwa 5 uja ananena bwino. A kabaza anadutsa nthawi. Pa gulu lachitatu magetsi anathima, projekita zii, fani zii, ndipo sindinanene kanthu, anyamata awiri anangonyamuka nkumata mapepala awo pa bolodi ndi selotepi, wofotokoza anapitiriza pomwe anasiyira.

A mijigo anabwera ndi mabotolo awiri, lina madzi a pa mjigo womwe anthu amaudandaula, lina a pa mjigo womwe amayenda mtunda kukatunga. Anathira sopo wofanana nkukhutchumula, botolo lina thovu mpaka pakamwa, lina madzi otuwa chabe. Mmodzi wa aphunzitsi anafunsa kuti mchere wake ndi wochuluka bwanji, mtsikana wofotokoza anati, Sala, tinalibe chipangizo choyezera, chimene tili nacho ndi zimene amayi otunga anatiuza ndi zimene mwaonazi. Ndinalemba malikisi ake onse pa gawo limenelo.

Gulu lija la mapepala khumi linanena lokha kuti tinafunsa anthu 12, tinalephera kufika 25 chifukwa cha transipoti, ndiye zimene tapeza zisatengedwe ngati za dera lonse. Mawu amanjenjemera koma ananena.

A madimba anali omaliza, thukuta lili kamukamu aliyense. Mnyamata uja anakweza kapepala kake kolembedwa kuti amakani, nkunena kuti ili ndi yankho lomwe ndinali nalo ndisanafunse munthu. Kenako anafotokoza za nyumba ziwiri, za timiyala, za dothi lonyowa mu Okutobala, ndipo sanabise kuti ena mwa omwe anawafunsa amagonabe kumunsi ngakhale nthawi ya mvula chifukwa choopa akuba ndi mvuu m'dimba, ndipo amenewo ali pa ngozi yeniyeni. Mtsikana wa kwa Tengani anayankhula mphindi zake ziwiri atagwira pepala ndi manja onse, sanaliyang'ane ndi kamodzi komwe. Atafunsidwa kuti anthu 24 a mudzi umodzi angaimire Chigwa chonse, anayankha yekha asanayang'ane anzake kuti ayi, aimira mudzi umenewo basi, ku Makhanga kapena kwina mwina ndi zosiyana ndipo pafunika wina akafunse kumeneko.

Zotsala

Malikisi ndiyenera kupereka Lachisanu, ndatsala ndi maripoti anayi oti ndiwerenge. A thonje abweza ripoti lawo Lachitatu atakonza komwe anatenga manambala awiri omwe alibe mwini. Loweruka a madimba akubwerera kumudzi kuja kukafotokoza zimene apeza mu Chisena pamaso pa anyakwawa ndi onse amene anayankha mafunso, tinalonjeza tsiku loyamba lija ndipo tikufuna tipite mvula isanadule njira, mitambo yayamba kale kusonkhana chaku Thyolo madzulo aliwonse. Ndauza mnyamata uja atumize uthenga msanga ndipo anene momveka kuti sikulemba maina. Njinga zilipo zinayi, tikufunika zisanu ndi imodzi, ndiye mawa ndikafunsa kwa a kabaza.